Georges Baussan, mwana wa ku Haiti amene anajambula nyumba ya pulezidenti

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anaona chithunzi cha nyumba yoyera ya pulezidenti wa ku Haiti itagwa ndi chivomerezi cha pa 12 Januwale 2010, ndiye akufunsa ngati anaimanga ndi Afalansa kapena Aamerika.

Mayi, pulani ya nyumba ija anajambula ndi mwana wa komweko, Georges Baussan, wobadwa mu 1874. Ntchitoyi anakaphunzira ku Paris, n'kubwerera kwawo.

Nyumba yakale inaphulika pa 8 Ogasiti 1912 wonga umene ankasunga momwemo utayaka, ndipo pulezidenti Cincinnatus Leconte anafera pomwepo. Boma linachititsa mpikisano wa mapulani. Wa Baussan unakhala wachiwiri, koma anasankha womwewo poti woyamba unkafuna ndalama zambiri. Anayamba kumanga mu 1914. Chaka chotsatira asilikali a America analanda dzikolo, ndipo mainjiniya awo ndi amene anatsiriza ntchitoyo mu 1920. Mwina mbiri ya Aamerika munaimva kuchokera pamenepa, koma wotsiriza kufolera si mwini pulani. Madenga atatu ozungulira aja, nsanamira zazitali zija, zonse ndi nzeru za Baussan.

Komabe chimene chimandigwira mtima ine si nyumba ya boma ayi. Baussan ndi anzake awiri, Léon Mathon ndi Joseph-Eugène Maximilien, anatchukitsa nyumba zokhalamo zotchedwa gingerbread, zimene zili m'madera a Pacot, Turgeau ndi Bois Verna mu Port-au-Prince, likulu la Haiti. Anthuwa ankalidziwa dzuwa la kwawo. Denga ankalikweza kuti mpweya wotentha uzikwera m'mwamba, khonde lalikulu loti banja lizipumapo madzulo, zitseko zitalizitali zolowetsa mphepo, denga lotsetsereka kwambiri kuti mvula isaime. M'mphepete ankasema matabwa mokongola ngati nsalu yoluka. Ndikaona nyumba za simenti za masiku ano, zotentha ngati uvuni, ndimawasirira kwabasi amisiriwa.

Mu 1925 akuluakulu a mzinda analetsa kumanga ndi matabwa poopa moto. Koma chivomerezi chitabwera, zambiri mwa nyumba za matabwazi zinangogwedezeka osagwa, chifukwa thabwa limapindika pamene konkire imasweka.

Baussan anamwalira mu 1958, sanaone tsokalo. Mabwinja a nyumba ya pulezidenti anawagumula mu 2012. Mukadzafika ku Port-au-Prince, mayi, dzanja la Baussan ndi anzake mukalipeze ku Pacot.