Achimwene, za Fields ndi draft ija ndikuyankheni ndi mawu

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndangoweruka kumene, ndili m'galimoto panja pa nyumba, ndiye ndati ndiyankhe ndi pakamwa, kulemba sindingamalize. Amayi ndi alamu mundikhululukire, uthengawu utalika ndipo ndi wa mpira wokhawokha, mukhoza kuudumpha.

Mwafunsa kuti timu yanga ya Chicago Bears yamusiya bwanji Justin Fields, mnyamata amene ndakhala ndikumutama zaka 3, amene jezi yake ndinakutumizirani, koma ine n'kumaoneka wosangalala. Mwafunsanso kuti draft ya April 2024 imene ndikuiwerengera masikuyi ndi chiyani. Mafunso awiriwa ndi nkhani imodzi, ndiyambe ndi lachiwirilo.

Mpira uwu si wathu wamiyendo uja, ndi wa kuno ku America, wa zipewa zolimba ndi mapewa otukumuka. Ligi yake ndi NFL, muli matimu 32. Kwathu timu ikathera pansi pa Super League imatuluka, imakasewera kumunsi. Kuno kulibe kutuluka. Timu imene yachita moipa kuposa onse ndi imene imayamba kusankha mnyamata wabwino kwambiri pa anyamata ochokera m'mayunivesite, yotsatira kuipa imasankha kachiwiri, choncho mpaka amene atenga chikho, ndipo kusankhaku ndiye draft. Chaka chino cha 2024 Kansas City Chiefs ndi amene anapatsidwa nambala 32 chifukwa anawina Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana chikho, mu February. Amazungulira choncho maraundi 7, masiku atatu. Mnyamatayo sasankha kopita, amangodikira foni, dzina lake likatchulidwa amavala kapu ya timuyo basi. Taganizani mnyamata wowala kwambiri ku Malawi kwathuko akuuzidwa kuti ku Bullets kapena ku Noma supita, ukayambira ku timu imene yathera pamchira. Ndi mmene amachitira kuti mphamvu zisaunjikane pamalo amodzi.

Tsono manambala osankhirawo amagulitsana ngati katundu. Apa ndi pamene pali nkhani yathu. Mu 2022 Bears inawina magemu 3 okha, n'kuluza 14, ndiye nambala 1 ya mu 2023 inali yathu. Bwana woyendetsa timu, Ryan Poles, sanaigwiritse ntchito. Anaipereka kwa Carolina Panthers, iwo n'kutipatsa DJ Moore, wolandira mpira wabwino zedi, kuphatikiza nambala 9 ya chaka chomwecho, nambala yawo ya raundi yoyamba ya 2024, ndi zina pamwamba. Carolina inatenga Bryce Young poganiza kuti zinthu ziyenda. Sizinayende, anawina magemu 2 okha chaka chonse. Choncho nambala yawo, imene ili m'thumba mwathu, yasanduka nambala 1 ya chaka chino. Ifeyo tinawina 7 n'kuluza 10, yathuyathu ndi nambala 9. Mwamva? Tili ndi 1 komanso 9. Mwayi ngati uwu sindinauonepo chiyambireni kutsatira timu imeneyi.

Za Fields tsopano. Achimwene, musaganize kuti sizinandipweteke. Pa 31 December 2023 ndinakwera sitima kuchokera kuno ku South Bend kupita ku Soldier Field, bwalo la Bears ku Chicago, kukuzizira, chipale chikuwaza. Tinawathira Atlanta Falcons 37 kwa 17, Fields anasewera ngati wauzidwa kuti ndi tsiku lomaliza. Bwalo lonse linayamba kuimba kuti tikufuna Fields, tikufuna Fields, ineyo ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Tsiku lomwelo Carolina inaluza ku Jacksonville ndipo nambala 1 inatsimikizika kuti ndi yathu. M'sitima pobwerera anthu tinali chete, aliyense akudziwa kuti mnyamata tamuimbirayu mwina sitidzamuonanso pabwalo lija atavala jezi yathu.

Malo amene amasewera Fields amatchedwa quarterback. Mpira uliwonse umayambira m'manja mwake. Ndiye amawerenga mmene adani aimira, ndiye amaponya, ndiye amauza anzake chochita. Nambala 10, kaputeni ndi kochi wam'bwalo mwa munthu mmodzi. Fields kuthamanga palibe angamutsutse, mu 2022 anathamanga mayadi 1,143, chinthu chimene pa ma quarterback onse ndi Lamar Jackson yekha anali atachiposa. Koma ntchito yeniyeni ndi kuponya, ndipo apo amachedwa. Amaugwira mpira, akuyang'ana, akuyang'anabe, mpaka adani amupeza. Chaka chomwecho cha 2022 anagwetsedwa ka 55 mpira uli m'manja. Magemu amene anayamba ndi iye, tinawina 10, tinaluza 28. Zina si mlandu wake, ndibwerako, koma zaka 3 zinakwana kuti munthu uone.

Ndiye pali ndalama. Kuno timu iliyonse ili ndi malire a malipiro, chaka chino cha 2024 ndi madola 255 miliyoni kugawira osewera onse, olemera ndi osauka chimodzimodzi. Quarterback wokhazikika amadya gawo lalikulu, Joe Burrow wa Cincinnati amalandira madola 55 miliyoni pachaka. Kontrakiti yotchipa ya Fields inali ikutha. Tikanamusunga, mu 2025 tikanamulipira madola oposa 25 miliyoni, kenako n'kumakambirana zokwera kuposa apo. Pamene mnyamata wosankhidwa pa nambala 1 amasaina zaka 4 pa madola pafupifupi 40 miliyoni, zaka zonse zinayizo pamodzi. Zotsalazo umagulira anthu ena omuthandiza. Mutu ukuvomereza, mtima ndiwo unkakana.

Chimene chinandiwawa ndi mtengo. Mu March anamutumiza ku Pittsburgh Steelers posinthana ndi nambala ya raundi 6 ya chaka chamawa, imene ikhoza kukwera kufika raundi 4 ngati atasewera kwambiri. Munthu amene tinamutenga pa nambala 11 mu 2021. Ndipo kumeneko akukakhala kumbuyo kwa Russell Wilson, osati woyamba. Kungoti matimu onse ankadziwa kuti tikufuna kugulitsa, ndipo inu mukudziwa mmene zimakhalira ukapita ndi mbuzi pamsika aliyense akudziwa kuti kunyumba kuli fizi ya mwana.

Amene akubwera m'malo mwake, aliyense akudziwa, ndi Caleb Williams wa ku USC, yunivesite ya ku Los Angeles. Anayambira ku Oklahoma, n'kutsatira kochi wake Lincoln Riley, ndipo mu 2022 anawina Heisman, mphoto ya wosewera wopambana m'mayunivesite onse. Ndamuonera magemu ambiri. Mnyamatayu amaponya akuthamanga, thupi lapendekeka, mwendo umodzi uli m'mwamba, mpira n'kukafika m'manja mwa mnzake ngati waupereka pafupi. Pali enanso abwino, Jayden Daniels wa LSU ndi Drake Maye wa North Carolina, koma nambala 1 ndi ya Caleb, palibe akutsutsa.

Anthu ena kuntchito amamunena kuti amapaka utoto zikhadabo, kuti analira pachifuwa cha mayi ake ataluza gemu ndi yunivesite ya Washington. Ine zimenezo sizindikhudza. Mwana wolira chifukwa waluza ndiye kuti zikumukhudza, ndipo woteroyo ndimamufuna. Chimene ndinaona ndi maso anga n'china. Mu October USC inabwera kuno kudzasewera ndi Notre Dame, yunivesite ya kuno ku South Bend, ndipo Caleb anaponyera adani mpira katatu isanakwane hafu, n'kuluza 48 kwa 20. Akapanikizika amafuna kupulumutsa zonse yekha, ngati Fields yemwe. Khalidwe limenelo likufuna mphunzitsi wodziwa.

Apa ndiye pali nkhawa yanga yeniyeni, achimwene, ndipo mundimvetse. Mwanayo sindikumuopa. Ndikuopa nyumba imene akulowa. Bears ndi timu yakale, inayamba mu 1920, koma mpaka lero sinakhalepo ndi quarterback woponya mayadi 4,000 m'sizoni imodzi. Matimu ena onse 31 anakhalapo naye, ife tokha ayi. Pofika April 2024 wapamwamba wathu ndi Erik Kramer, mayadi 3,838, ndipo zimenezo ndi za mu 1995. Super Bowl tinawina kamodzi, January 1986, ndipo inali mphamvu ya otchinga kumbuyo. Mu 2017 tinakwera kukatenga Mitch Trubisky pa nambala 2, Patrick Mahomes ali pomwepo, anthu a Kansas City n'kumutola pa nambala 10. Mahomes lero ali ndi zikho zitatu.

Koma tamverani mmene zimachitikira. Trubisky anabwera kochi ali John Fox, chaka chitatha Fox anachotsedwa, mnyamata n'kuyambiranso kuphunzira za munthu wina. Fields anabwera kochi ali Matt Nagy, chaka chitatha Nagy anachotsedwa, n'kuyambiranso. Gemu yoyamba imene Fields anayamba, ku Cleveland, anagwetsedwa ka 9, palibe womutchinga. Chaka chake chachiwiri timu inagulitsa akuluakulu onse, iye n'kutsala ndi anthu oti mayina awo ngakhale ife otsatira sitinkawadziwa bwino. Tsopano mu 2024 Caleb akubwera kochi ali Matt Eberflus, amene pa zaka 2 wawina 10, waluza 24. Chaka chino chikavuta amuchotsa, ndipo tidzakhala tabwereza zomwezija kachitatu. Ine ndikanakonda akanasankha mu January, kaya kumuchotsa kuti kochi watsopano ayambe limodzi ndi mnyamata watsopano, kaya kunena poyera kuti uyu akhala zaka zingapo zivute zitani. Asiya pakatikati. Angosintha woyang'anira osewera akutsogolo, achotsa Luke Getsy, abweretsa Shane Waldron kuchokera ku Seattle.

Chondipatsa mtima n'chakuti ulendo uno akonza pakhomo mlendo asanafike, zimene Fields sanachitiridwe. DJ Moore alipo, chaka chatha analandira mayadi 1,364. Atenga Keenan Allen ku Los Angeles Chargers popereka nambala ya raundi 4, munthu wamkulu, akukwanitsa zaka 32 mwezi uno, koma chaka chatha anagwira mipira 108 ndipo amadziwa kupeza mpata pamene palibe mpata. Mnyamata wongoyamba amafuna munthu wotere. Asaina D'Andre Swift wothamanga ndi mpira, zaka 3 madola 24 miliyoni, ngakhale kwa ine pamenepo alipira mopitirira. Cole Kmet, mwana wa Notre Dame, alipo. Kumbuyo asunga Jaylon Johnson, ndipo Montez Sweat amene tinamutenga ku Washington Commanders pakati pa sizoni anasintha timu yonse. Palibe quarterback wa nambala 1 amene ndikumukumbukira analowa m'timu yokonzeka chonchi, chifukwa nthawi zambiri nambala 1 imapita ku timu yogumuka. Ife siyathu, ndi ya Carolina.

Mkangano umene ulipo panopa ndi wa nambala 9. Anzanga ambiri akufuna wolandira mpira wina. Abwino ndi atatu, Marvin Harrison Jr. wa Ohio State, Malik Nabers wa LSU ndi Rome Odunze wa Washington, amene bambo ake ndi a ku Nigeria. Harrison safika pa 9, Arizona amutenga pa 4. Odunze mwina akhoza kufika. Ena akuti titenge wosaka quarterback wa adani kuti Sweat apeze mnzake mbali inayo, monga Dallas Turner wa Alabama kapena Jared Verse wa Florida State. Enanso akuti tigulitse nambalayo titsike pang'ono, chifukwa chaka chino tili ndi manambala 4 okha, ena tinalipira kwa Sweat ndi Allen.

Ine ndikufuna Joe Alt. Kutsogolo kwa quarterback kumaima zimphona zisanu zomutchinga, ndipo wa kumanzere kwenikweni ndiye amateteza msana wake, mbali imene woponya ndi dzanja lamanja saona. Alt wasewera malo amenewo kuno ku Notre Dame, ndamuonera pabwalo kangapo. Ndi wamtali kupitirira mamita 2, koma miyendo yake ndi yopepuka, ndipo bambo ake anasewera malo omwewo ku Kansas City zaka zambiri. Pano tili ndi Braxton Jones, wa raundi 5, amayesetsa ndithu, koma ndinaona Fields akudzuka pansi ka 55 ndipo sindikufuna kuonanso zimenezo ndi mwana wina. Kumanja tili kale ndi Darnell Wright amene tinamutenga chaka chatha. Alt kumanzere, Wright kumanja, ndiye kuti zaka 10 tagona tulo. Vuto ndi lakuti Chargers pa 5 ndi Tennessee pa 7 akufunanso munthu wotere, ndiye mwina sadutsa. Akapanda kudutsa, Odunze akhalepo, timutenge, chifukwa Allen watsala ndi chaka chimodzi pa kontrakiti ndipo Caleb akufunika mnzake wokula naye limodzi.

Alamu anafunsa tsiku lina kuti n'chifukwa chiyani ndimakwiya ndikamva dzina la Green Bay Packers. Amenewo ndi adani athu akale, ngati Maule ndi Manoma. Atigonjetsa magemu 10 otsatizana, yomaliza inali mu January 2024, 17 kwa 9. Iwo anachoka kwa Brett Favre kupita kwa Aaron Rodgers, tsopano ali ndi Jordan Love, zaka zoposa 30 osasowa woponya. Caleb akadzawina gemu imodzi yokha ku Lambeau Field, bwalo la Packers, mudzandimva kuchokera konkuno.

Draft ikuchitikira ku Detroit, iyamba Lachinayi pa 25 April, 8 koloko usiku nthawi ya kuno. Kwanuko idzakhala 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu, ndiye musadikire, mukadzadzuka mudzapeza ndalemba. Dzina la Caleb lidzatchulidwa mphindi zoyambirira zomwe. Ine ndapempha kale kuti ndisagwire shifiti ya usiku umenewo chifukwa cha nambala 9, imene idzafika patapita ola ndi kanthu.

Jezi ya Fields ija musataye ndipo musapatse munthu, muzivala. Mnyamatayo anamenyedwa zaka 3 osadandaula pagulu ngakhale kamodzi, ndipo ku Pittsburgh ndizimuonerabe. Ya Caleb ndidikira kaye ndione mmene amutetezere mpaka December, ikakhala yogula ndidzatumiza ndi katundu wa amayi. Ndilowe m'nyumba, ana akundiyang'ana pawindo. Mupereke moni kwa onse.