Kwa achemwali amene akupita kukaphunzitsa ku Isan

Achemwali, za viza, za malipiro ndi za mtengo wa ndege ena akuyankhani kale mokwanira. Ine nditenga kafunso kamene mwakaika kumapeto ngati kaching'ono, kakuti popeza ndinu munthu wa mpingo mukakhala bwanji m'mudzi wa Abuda ku Isan, dera la kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, ndiponso ngati akakukakamizani kugwadira mafano. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka ziwiri pasukulu ya m'mudzi wina m'chigawo cha Udon Thani, ndipo pa tchuthi ndinkawoloka mtsinje wa Mekong pa mlatho wa ku Nong Khai kupita ku Laos, kumene anthu ake chilankhulo, chakudya ndi miyambo n'zofanana kwambiri ndi za ku Isan.

Palibe amene akakukakamizeni kugwada. Kachisi wa Abuda, amene iwo amati wat, ndiye malo osavuta kuposa onse m'mudzimo, ngakhale kuti ndi amene inu mukuopa. M'bandakucha amonke, amuna odzipereka ku chipembedzo amene amakhala pakachisipo, amayenda opanda nsapato atanyamula mbale zawo, amayi n'kumawaikira mpunga womata umene anthu a kumeneko amadya monga ife timadyera nsima, ndipo wopereka ndiye amathokoza, chifukwa amakhulupirira kuti akudzikundikira zabwino zimene zidzamuthandiza pa moyo uno ndi pa kubadwa kwina. Amonke ali ndi malamulo 227, koma amenewo ndi awo. Anu ndi ochepa: vulani nsapato polowa, musalozetse mapazi kwa mmonke kapena ku chifaniziro cha Buddha mukakhala pansi, phimbani mapewa ndi mawondo, ndipo popeza ndinu mayi musamukhudze mmonke kapena kumupatsa chinthu m'manja mwake, koma muchiike pansalu imene ayala kapena mupatsire mwamuna kuti apereke. Mukalakwitsa amangoseka n'kukuuzani zoyenera.

Chimene muyenera kuchiphunzira msanga ndi mizimu, imene amati phi. Mayi yemwe uja wapatsa amonke mpunga m'mawa, masana mukamupeza akuyatsa zofukiza pa kanyumba ka mizimu, ndipo iye saona kutsutsana kulikonse, chifukwa m'maganizo mwake awiriwa anagawana ntchito. Za imfa, za maliro ndi za kumene munthu adzabadwirenso zimapita kukachisi, pamene za mvula, za mwana amene watentha thupi, za njati yolimira imene yasiya kudya, za mayeso ngakhalenso za lotale zimapita kwa mizimu. Kusiyana kumene kukukhudzani n'kwakuti mmonke amayang'ana cholinga cha mtima wanu, koma mzimu amati umakwiya ngakhale munthu atalakwa mosadziwa, ndipo mkwiyo wake sugwera wolakwayo yekha. Mfumu Phothisarath ya ufumu wakale wa Lan Xang ku Laos inalamula m'chaka cha 1527 kuti kupembedza mizimu kulekeke ndipo malo ake agwetsedwe, koma ku Luang Prabang, m'dziko lomwelo, mizimu iwiri yoteteza mzinda, Pu Nyeu ndi Nya Nyeu, ikulemekezedwabe mpaka lero, ndipo zovala zake zimasungidwa pa kachisi wa Wat Aham. Ku Vientiane, likulu la Laos, anthu amadzaza pa Wat Si Muang kukapempha mwayi kwa mzimu wa mzindawo, mkati mwenimweni mwa kachisi wa Abuda. Chimene chinakanika mfumu musaganize kuti mphunzitsi wachilendo angachithetse ndi mtsutso wa pakhonde.

Tinyumba ta mizimu tokhala pamwamba pa nsanamira mukatiwona paliponse, pakhomo pa munthu, pasukulu, ngakhale pabanki, titaikidwa nkhata za maluwa, nthochi ndi mabotolo a Fanta wofiira. Musatikhudze, musachotse chilichonse poganiza kuti mukusesa, ndipo musatsamire nsanamira yake pojambulitsa chithunzi. Koma timeneti ndi tooneka, munthu sangatiphonye. Chimene chinandigwetsa ine ndi msitu wa kumapeto kwa mudzi umene amati don pu ta, kumene kumakhala mzimu wa makolo woteteza mudzi wonse, umene amautchula kuti Pu Ta, kutanthauza agogo aamuna a kuchimuna ndi a kuchikazi.

Unali mwezi wa June, mvula itayamba, ndipo ndinkafuna mitengo iwiri yoti ndimangirepo chingwe choyanika zovala pansi pa denga. Ndinabwereka chikwanje, ndinalowa m'kankhalango kamene ndinkakadutsa masiku onse popita kusukulu, ndinadula timitengo tiwiri towongoka bwino n'kubwera nato paphewa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Palibe anandiletsa kapena kundifunsa, ndipo anthu amene ndinawapatsa moni anandiyankha ndi kumwetulira komwe kuja kwa masiku onse. Chokhacho chimene ndinaona n'chakuti madzulo amenewo agogo a nyumba yoyandikana nayo sanandiitane kukadya monga ankachitira. Patapita masiku anayi mdzukulu wa eni nyumba imene ndinkakhala anatentha thupi kwambiri, anamutengera kuchipatala cha boma, ndipo madokotala anapeza kuti ndi dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu amene amavuta nyengo ya mvula. Banjalo linalandira mankhwala onse mosakayika, koma linapitanso kwa mkulu wosamalira malo a Pu Ta, amene amati cham, kukafunsa chifukwa chimene udzudzuwo unasankhira mwana wawo, ndipo yankho linali mitengo yanga iwiri ija.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunaposa koyamba. Aphunzitsi aakulu atabwera kudzandifotokozera mofatsa, ine ndinayamba kuwaphunzitsa za udzudzu ndi madzi odikha, ngati kuti iwo sadziwa, pamene iwowo ndi amene ankatsogolera ana kukhuthula zitini za madzi pasukulu sabata iliyonse. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa ngati kwathu kulibe malo amene munthu saloledwa kudula mtengo. Ndinachita manyazi, chifukwa kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti kumanda sakatola nkhuni popanda chilolezo cha amfumu, ndipo mlendo atalowa ndi chikwanje m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje sitingamvere zoti sankadziwa. Ndinagula zimene ananena: nkhuku yowiritsa, botolo la kachasu wa mpunga amene amati lao khao, fodya pang'ono, ndi mbale ya makandulo awiriawiri kasanu ndi maluwa awiriawiri kasanu imene amati khan ha. Zonse zinakwana cha m'ma 400 kapena 500 baht, ndalama za ku Thailand. Ndinawauza kuti chikhulupiriro changa sichindilola kupereka nsembe ndi manja anga kapena kugwada, ndipo anavomera mosavuta: mkulu uja anandilankhulira, ine nditaima kumbuyo. Ena a mumpingo mwanu adzati ngakhale kugula nkhukuyo kunali kugonja, ndipo sindikutsutsa, chifukwa nanenso zinandivuta mumtima kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndikuti pewani kufika pamenepo. Mwana anachira, koma panatenga mwezi wathunthu kuti agogo aja ayambirenso kundiitana.

Choncho sabata yoyamba, musanafunse za msika kapena za intaneti, pemphani mphunzitsi mnzanu akuyendetseni m'mudzi wonse n'kukulozerani don pu ta, nsanamira ya pakati pa mudzi, manda, ndi mitengo yokulungidwa nsalu zamitundumitundu. M'malo amenewa musadule kanthu, musazule bowa, musaphe kanyama, ndipo musadzithandize. Mufunse mwachindunji, chifukwa anthu a kumeneko amaona kuti kudzudzula mlendo pamaso n'kumuchititsa manyazi, kotero amangomwetulira inu muli kulakwa.

China chimene muyenera kuganizira muli kuno ndi mwambo wa ulusi, umene ku Isan amati su khwan ndipo ku Laos amati baci, chifukwa mosakayika adzakuchitirani pokulandirani kapena potsanzikana. Amakhulupirira kuti thupi la munthu lili ndi timizimu 32 timene timatha kuthawa munthu akadzidzimuka, akadwala kapena akayenda ulendo wautali. Mudzakhala pamphasa mozungulira chinthu chokongola cholukidwa ndi masamba a nthochi ndi maluwa, mkulu wina amene nthawi zambiri anakhalapo mmonke adzaitana timizimuto kuti tibwerere, kenaka aliyense, kuyambira agogo mpaka ana a m'kalasi mwanu, adzakumangani ulusi woyera wa thonje pamkono akukufunirani moyo wautali. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti kachingwe ka pamkono ndi chithumwa, zimenezi zimadzidzimutsa. Ine ndinalola kumangidwa chifukwa ndinaona kuti ndi madalitso a anthu amene andilandira, koma ndikudziwa Akhristu ena amene anakana. Ngati mukana, uzani aphunzitsi aakulu masiku angapo zisanachitike, osati kubweza mkono pamene gogo wagwada kale patsogolo panu. Ngati mulola, ulusiwo muusunge masiku atatu, ndipo pouchotsa mumasule, musadule ndi sizasi.

Amene akuyankhani kuti Phi Ta Khon ndi gule wamkulu wa ku Thailand aona zithunzi zokha. Mwambo umenewu umachitika ku Dan Sai m'chigawo cha Loei cha mu June kapena July, tsiku lake limasankhidwa ndi olankhula ndi mizimu a m'tauniyo, ndipo zigoba zake amapanga ndi madengu ophikira mpunga womata. Ovala zigobawo ndi anyamata wamba, aliyense amawadziwa, kulibe dambwe kapena chinsinsi cha ometa, ndipo mwambowo umathera kukachisi kumene anthu amakamvetsera ulaliki wa nkhani ya kalonga Vessantara, amene amati anali Buddha pa moyo wake wina wakale. Mukhoza kupita kukaonerera popanda mantha, mungosungitsa malo ogona msanga chifukwa tauniyo ndi yaing'ono. Kumene muyenera kusamala thupi lanu ndi pa Bun Bang Fai, mwambo wa mu May wopempha mvula kwa Phaya Thaen wa kumwamba, umene ndi wotchuka ku Yasothon koma umachitikanso m'midzi yambiri. Amaphulitsa maroketi opanga okha odzaza onga, ambiri mwa anthu amakhala ataledzera, ndipo roketi ikaphulikira pansi imavulaza ngakhale kupha. Imani kutali kuposa pamene anzanu akunena kuti pali bwino.

Mawu amodzi amene musawatchule ngakhale mwanthabwala ndi phi pop. Umenewu ndi mzimu umene amati umakhala mwa munthu wamoyo n'kumadya za m'mimba za anzake, ndipo munthu akanenedwa kuti ali nawo, makamaka mayi wachikulire, amatha kusalidwa kapena kupitikitsidwa m'mudzi. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa mmene nkhani ya ufiti imawonongera agogo osalakwa. Maliro akatsatizana m'mudzi mungaone anthu akusonkha ndalama zoitanira wochotsa mizimu, amene amati mo tham, kapena amonke kuti adzayeretse mudzi. Musafunse kuti akuganizira ndani, musabwereze dzina limene mwamva kwa ana asukulu, ndipo musajambule.

Mukawoloka kupita ku Laos malamulo ndi okhwima kuposa ku Thailand. Boma la kumeneko sililola alendo kulalikira kapena kugawa mabuku a chipembedzo, ndipo nkhani zimenezi zimayendetsedwa ndi lamulo la Decree 315 la chaka cha 2016, choncho Baibulo lanu likhale lowerenga nokha, ndipo timapepala ta uthenga tisiyeni. Amene amavutika kwambiri mlendo akachita zimenezi ndi Akhristu a komweko amene atsala iye atapita. M'midzi ya kumapiri, mukaona kachizindikiro kolukidwa ndi nsungwi kooneka ngati nyenyezi, kamene amati taleo, kataikidwa panjira kapena pakhomo, ndiye kuti malowo atsekedwa chifukwa cha mwambo, ndipo wolowa amalipitsidwa nkhuku kapena nkhumba. M'dzikomo musapatukenso panjira yodutsa anthu, chifukwa m'madera ambiri mudakali mabomba osaphulika amene anaponyedwa pakati pa 1964 ndi 1973. Ngati mumalawako, kachasu wopanda chizindikiro mumukane, pakuti mu November 2024 alendo asanu ndi mmodzi anamwalira atamwa mowa wa poizoni ku Vang Vieng.

Za ndalama, muziika padera kangachepe mwezi uliwonse, chifukwa ku Isan pafupifupi mwezi uliwonse uli ndi mwambo wake, ndipo maenvulopu amafika pa desiki ya mphunzitsi kawirikawiri. Nthawi imene ndinali kumeneko nkhata ya maluwa inali cha m'ma 20 baht, m'envulopu ya kukachisi anzanga ankaika 50 kapena 100, ndipo pamaliro kapena paukwati cha m'ma 200 mpaka 500 malinga ndi ubale. Ya kukachisi mukhoza kuibweza mwaulemu n'kunena kuti muthandiza pa chakudya cha alendo, koma ya maliro musaibweze, ndipo pamalirowo muvale zakuda kapena zoyera. Mutenge zitenje ziwiri kapena zitatu za kuno, chifukwa amayi a kumeneko amavala nsalu yofanana nayo imene amati sin, ndipo chitenje chimodzi mukapatse agogo a nyumba imene mukafikire tsiku lomwe mwafika.