Aphunzitsi, Ubuntu yanuyo isintheni pang'onopang'ono, musaivale chovala cha Windows

Aphunzitsi, funso lanu ndaliwerenga kawiri kuti ndisayankhe zina inu mukufunsa zina. Mwati munagula laputopu yakale m'tauni, Windows 11 inakana kulowamo, ndiye mphwanu anakuikirani Ubuntu. Tsopano zilembo zikukucheperani mpaka maso kuwawa, batani la Start mwalifunafuna osalipeza, ndipo polemba mayeso a Chinyanja chilembo cha ŵ chikukusowani pa kiyibodi. Mukufuna pulogalamu yoti kompyutayo ifanane ndi imene munazolowera. Ilipo, dzina lake GNOME Tweaks, ndipo ili ndi inzake yotchedwa Extension Manager. Koma vidiyo imene wina waika pamwambapa, yoti mukopere mzere umodzi basi kompyuta isanduke Windows, chonde musaitsatire. Chifukwa chake ndinena.

Ine ndimakonza makompyuta ku Kamwala, mu Lusaka. Chiyambire pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, malaputopu ngati anuwa akubwera ambiri patebulo langa. Ndi makina abwinobwino, kungoti alibe kachipangizo ka TPM 2.0 kapena purosesa imene Windows 11 imafuna. Ndiye mphwanuyo sanalakwe. Anangokusiyani m'nyumba yatsopano osakusonyezani poyatsira magetsi.

Zimene mukuona pa sikirini, mzere wa wotchi pamwambapo ndi tizithunzi tomwe tandandalika kumanzereto, ndi gawo lotchedwa GNOME. Ubuntu ndi mtundu wa Linux. Linux yeniyeniyo ili pansi ngati maziko, GNOME ndiye pabalaza pamene mumakhala. Mu 2011, pomwe GNOME 3 inatuluka, opanga ake anachepetsa kwambiri zinthu zosintha mu Settings kuti munthu wamba asasochere. Zinthuzo sanazitaye, anangozibisa, ndipo Tweaks ndi khomo lakuseri lokazitengera. Ubuntu nayo inayendako njira ina, inkagwiritsa ntchito Unity mpaka inabwerera ku GNOME mu 2017. Ndatchula zimenezi chifukwa pa intaneti mudzaza mavidiyo akale onena za Unity Tweak Tool ndi Ubuntu Tweak. Amenewo ndi a nyengo ina, pa kompyuta yanu sakuthandizani. Lowani mu Settings, pezani polembedwa About, muone ngati muli ndi Ubuntu 22.04 kapena 24.04.

Musanakhudze kalikonse, sungani kaye mmene zinthu zilili. Dinani Ctrl, Alt ndi T pamodzi, patseguka windo lakuda lotchedwa Terminal. Lembani:

dconf dump / > zakale.txt

Zikatero, zonse zimene munasankha zokhudza maonekedwe ndi kiyibodi zalembedwa mu kafayilo kamodzi. Kakopereni pa flash. Tsiku lina zinthu zikadzasokonekera, mzere wakuti dconf reset -f /org/gnome/ umabwezera GNOME mwakale ngati yangoikidwa kumene, kenako dconf load / < zakale.txt umabweza zanu zija. Makalata anu, zithunzi ndi mayeso sizikhudzidwa n'komwe. Ambiri amadumpha pamenepa poti n'zosasangalatsa, koma ndi pomwe pamandipulumutsa mlungu uliwonse.

Kenako ikani mapulogalamu awiri aja:

sudo apt install gnome-tweaks gnome-shell-extension-manager

Ikufunsani password. Mukamalemba simuona kanthu pa sikirini, ngakhale timadontho, musaganize kuti kiyibodi yafa. Malizani n'kudina Enter. Ndi timapulogalamu tating'ono, bundle ya tsiku limodzi ikwana n'kutsala.

Tiyambe ndi maso, poti ndiwo akukuvutitsani tsiku lililonse. Mu Tweaks muli gawo la Fonts, ndipo pansi pake pali Scaling Factor yomwe imakhala pa 1.00. Ikwezeni pa 1.15, mugwire ntchito tsiku lathunthu. Ngati mukadali kutsinzinira, pitani pa 1.25. Pamenepo imani. Malaputopu ambiri akale amene ndimaona ali ndi sikirini ya 1366 ndi 768, ndipo mukapyola apo mawindo ena amakula mpaka batani la OK kukabisala kunsi kosafikika. Ndinaona mayi wina wachikulire amene amalemba kaundula wa kumpingo ku Matero, atakhala miyezi akuwerenga mphuno ili pafupi ndi galasi. Titangokweza nambala imeneyi anakhala tsonga, navula magalasi, n'kuwerenga dzina loyamba mokweza ali chotsamira pampando. Sitinaikemo china chilichonse tsiku limenelo. Mu Tweaks momwemo muli posankha kuti windo latsopano lizitsegukira pakati pa sikirini, posuntha mabatani otsekera windo kumanzere kapena kumanja, ndi posankha mapulogalamu oti azidzuka okha kompyuta ikayaka. Pomalizapa chotsanipo zonse zimene simukuzifuna m'mawa uliwonse.

Za ŵ zandikondweretsa kuti mwafunsa, chifukwa ambiri amangomusiya, ena amakamukopera pa intaneti nthawi iliyonse akamufuna. Pali batani lotchedwa Compose limene inu mwini mumasankha. Pa 22.04 ndi 24.04 lili mu Settings pansi pa Keyboard, pa 20.04 linali mu Tweaks. Sankhani batani limene simuligwiritsa ntchito kawirikawiri, ine ndimakonda Alt yakumanja. Ndiye mukafuna ŵ, dinani Alt yakumanjayo n'kuisiya, dinani Shift ndi 6 kuti mupeze kadenga kaja, kenako w. Chilembo chimatuluka chovala chipewa chake. Mukafuna chachikulu, pomaliza pake dinani W wamkulu. Njira ina ndi kudina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 175, kenako Enter, koma ya Compose ndiyo zala zimaigwira msanga. Ana akaona mawu atalembedwa moyenera papepala la mayeso amadziwa kuti chilankhulo chawo nachonso chili ndi malamulo ake, si chongolembera mmene wafunira.

Tsopano Start uja. Yesani kaye chophweka: mu Settings, pa Appearance ngati muli ndi 22.04 kapena pa Ubuntu Desktop ngati ndi 24.04, mungathe kutsitsa mzere wa tizithunzi uja kuchoka kumanzere kupita pansi. Anthu ambiri akangotero mtima umakhala m'malo. Dziwaninso kuti batani la kiyibodi lokhala ndi chizindikiro cha Windows likugwirabe ntchito. Lidineni, lembani zilembo zitatu zoyamba za pulogalamu imene mukufuna, dinani Enter, yatseguka. Ngati patapita mlungu mukulisowabe Start, tsegulani Extension Manager, fufuzani Dash to Panel ndi ArcMenu. Yoyamba imaphatikiza mzere wapamwamba ndi wam'mbali kukhala umodzi pansi, wotchi kumanja, mapulogalamu otsegula chakumanzere. Yachiwiri imaika batani pakona lomwe limatambasula mndandanda wa mapulogalamu monga munazolowera. Ziwirizo basi. Musawonjezere chachitatu mpaka mutakhala nazo masiku angapo.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Ma extension, kutanthauza zowonjezera za GNOME monga ziwiri ndatchulazi, si mapulogalamu oima paokha ngati LibreOffice kapena Firefox. Amalowa m'kati mwenimweni mwa GNOME n'kumayendera limodzi nayo, ndiye imodzi ikapunthwa imatha kugwetsa sikirini yonse. Ambiri mwa iwo amalembedwa ndi anthu ongodzipereka, pa nthawi yawo yopuma, osalipidwa ndi munthu. Dzina lomwe la Ubuntu, limene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anapatsa ntchitoyi mu 2004, ndi liwu lofanana ndi umunthu wathu, ndipo kugawana kotereku ine ndimakulemekeza kwambiri. Koma wodzipereka amatopa, amapeza ntchito ina, amasiya. Pomwe GNOME imatulutsa mtundu watsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mu 2023, GNOME 45 inasintha kalembedwe ka ma extension moti akale onse anafunika kukonzedwanso kuti agwire ntchito. Ubuntu 22.04 ili ndi GNOME 42, pamene 24.04 ili ndi 46, kutanthauza kuti amene akukwera kuchoka pa ina kupita pa inzake amawoloka mtsinje umenewu. Wokhala ndi ma extension awiri odziwika bwino amawoloka mosavuta. Wokhala ndi khumi ndi asanu amene sakukumbuka n'komwe kumene anawatenga ndiye amabwera ku Kamwala atanyamula laputopu m'chikwama. Walira mvula walira matope. Choncho tsiku limene mudzafune kukweza Ubuntu yanu, yambani mwazimitsa ma extension onse mu Extension Manager, mukweze, kenako muziyatsa imodziimodzi.

Ma theme, omwe amasintha mitundu ndi kaonekedwe ka mawindo, ndiwo vidiyo ija ikulonjeza. Kuyambira pa GNOME 42, mapulogalamu ambiri a GNOME anayamba kumangidwa ndi chida chotchedwa libadwaita, ndipo amenewo samvera theme imene mwasankha mu Tweaks. N'chifukwa chake posankhira theme pamalembedwa Legacy Applications, kutanthauza mapulogalamu a kapangidwe kakale okha. Zotsatira zake, windo lina limaoneka labuluu ngati Windows, lina lili mmene linalili, kompyuta n'kukhala ngati munthu wavala jekete ya suti ndi kabudula wa mpira. Pofuna kubisa zimenezi, mizere ya m'mavidiyo ija imakalowa m'mafayilo a mkati mwa kompyuta ndi mphamvu ya sudo, liwu lopatsa munthu ufumu wosintha chilichonse mu kompyuta, n'kuwalemba pamwamba.

Ndinaziona ndi maso. Lachisanu lina madzulo kunabwera mnyamata amene amalembera anthu makalata ndi mapulogalamu a maukwati. Anali atamata mzere wotero miyezi ingapo m'mbuyomo, kompyuta n'kukongola ndithu. Tsiku limenelo inalandira ma update, ndipo poyaka inangoonetsa sikirini yoyera yokhala ndi chithunzi cha kakompyuta kankhope yachisoni. Pulogalamu ya ukwati wa mawa lake inali momwemo, isanasindikizidwe. Malaiti anali atapita, batire ikutha, iye atandigwirira tochi ya foni pa kiyibodi, dzanja likunjenjemera. Ndinadina Ctrl, Alt ndi F3, zomwe zimakupatsani sikirini yakuda yolembapo ngakhale maonekedwe onse atafa, ndinalowa ndi dzina lake, n'kuyamba ndakopera ntchito yake pa flash. Kenako ndinasuntha foda ya ma extension ndi mzere uwu, umene ndikupemphani muulembe m'kope:

mv ~/.local/share/gnome-shell/extensions ~/zochotsedwa

Nthawi zambiri zimathera pomwepo, mukazimitsa n'kuyatsanso mumalowa bwinobwino. Kwa iye sizinathere pamenepo, chifukwa mzere wa m'vidiyo uja unali utasintha ndi mafayilo a khomo lolowera lomwe. Tinadikira magetsi mpaka usiku kuti tiikenso magawo owonongekawo. Kusiyana kwake n'kumeneku: Tweaks ndi Extension Manager zimasintha za m'chipinda chanu chokha, ndipo mu Tweaks muli polembedwa Reset to Defaults pobwezera zonse. Mzere wa mlendo wokhala ndi sudo umagumula khoma la nyumba. Mukafuna kukongoletsa, Ubuntu yomwe ili ndi posankha mtundu ndi posankha maonekedwe akuda mu Settings pa Appearance, ndipo chithunzi chakumbuyo mutha kuikapo cha ana anu kapena cha kumudzi.

Simunatiuze kuti RAM, malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito mapulogalamu akatseguka, ndi yochuluka bwanji, ndipo zimenezi zingasinthe yankho lonse. Opanga Ubuntu 24.04 amati pafunika 4 GB, koma pa 4 GB yeniyeniyo, mukatsegula Firefox ndi LibreOffice pamodzi, mumva kompyuta ikupuma movutikira, makamaka ngati ikadali ndi hard disk yozungulira ija m'malo mwa SSD. Chothandiza msanga ndi kuzimitsa timasewero ta mawindo potseguka ndi potseka:

gsettings set org.gnome.desktop.interface enable-animations false

Ma extension ochititsa kuti kumbuyo kuzioneka mwachifunga, monga Blur my Shell, asiyeni. Ndi okongola, koma amagwiritsa ntchito makina nthawi zonse, ndipo kuno kwathu kumene magetsi amatha kupita mayeso ali pakati, mphindi iliyonse ya batire ndi yamtengo. Ngati RAM ili pansi pa 4 GB, ndinena mosabisa: musavutike ndi Tweaks. Muuzeni mphwanu akusungireni mafayilo, aike Linux Mint ya Xfce, womwe ndi mtundu wina wa Linux wosagwiritsa ntchito GNOME. Imeneyo imabwera kale ndi batani pakona yakumanzere, mzere pansi, wotchi kumanja, popanda extension ngakhale imodzi, ndipo ndi yopepuka. Kukakamiza GNOME kuti ikhale chinthu chimene ena anapanga kale mwadala n'kudzitopetsa chabe.

Kanthu kena kamene simunafunse koma mukumana nako posachedwa: mapepala ochokera kwa aphunzitsi anzanu olembedwa mu Word ndi zilembo za Calibri amatha kusokonekera mizere mukawatsegula mu LibreOffice. Ikani fonts-crosextra-carlito ndi mzere wa sudo apt install womwe uja. Carlito ili ndi miyezo yofanana ndi Calibri, ndiye mizere imakhala m'malo mwake. Ndipo popita kokasindikiza, tengani pepalalo ngati PDF, kuti ŵ wanu ndi mafunso anu zikatuluke mmene munazisiyira.

Madzulo ano chitani zitatu zokha: sungani zakale.txt, kwezani zilembo pa 1.15, sankhani batani la Compose. Mawa mukatsegula About, tilembereni pano nambala ya Ubuntu ndi ya RAM, ndidzakuuzani ngati muike Dash to Panel kapena mumuitanenso mphwanu uja abwere ndi flash ya Mint.