Mwana wanga akufuna kukhala ejenti wa osewera mpira

"Mwana wanga wamwamuna akumaliza sekondale. Mpira amaukonda koma miyendo inamukana, ndiye akuti adzakhala ejenti wa osewera ngati uja wa Ronaldo. Ine ndimafuna aphunzire zamalamulo. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo, kapena ndi maloto a pa TV? Nanga amaiphunzira kuti?" Akufunsa choncho mayi wina.

Mayi, musamukanize, ndiponso maganizo anu a zamalamulowo musawataye. Zimene mukukanganirana ndi mwanayo ndi njira imodzi, kungoti iye akuyang'ana kumene ikuthera, inu mukuyang'ana poyambira.

Pa TV amaonetsa tsiku limodzi lokha: wosewera wanyamula jezi yatsopano, ejenti waima pambali ndi suti yake. Masiku ena onse ejenti amakhala pa foni ndi pa mapepala. Amafufuza timu imene ikusowa goloboyi kapena wotseka kumbuyo, amatumiza mavidiyo a wosewera wake kwa anthu amene nthawi zambiri sayankha n'komwe, ndipo mwayi ukapezeka amakhala pansi ndi akuluakulu a timu kukambirana kontrakiti. Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni. Malipiro a pamwezi ndi mzere umodzi chabe. Nanga wosewerayo akathyoka mwendo mwezi wachiwiri, adzalandirabe? Timu ikatsika ligi, malipiro atsika ndi zingati? Nyumba ndi matikiti a ndege alipira ndani? Msonkho uli kale m'kati mwa ndalama yalembedwayo kapena udzadulidwa pambuyo? Timu ina yaikulu ikamufuna, pali mtengo umene ungamumasule? Ejenti akalumpha mzere umodzi mwa imeneyi, wosewera amalira nawo zaka zitatu.

Ntchitoyi inakula chifukwa cha mlandu wa kukhoti, ndipo izi mumuuze mwanayo. Mu 1990 wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, kontrakiti yake itatha ku RFC Liège, anafuna kupita ku Dunkerque ku France, koma zinakanika chifukwa masiku amenewo timu inkafunabe ndalama ngakhale kontrakiti itatha. Anakasuma, ndipo mu Disembala 1995 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Europe linagamula kuti wosewera wotere ndi womasuka kupita ku timu ya dziko lina la mu mgwirizanowo popanda timu yake yakale kufuna ndalama. Kuchokera pamenepo osewera anakhala ndi mphamvu zokambirana mitengo, ndipo wodziwa kuwalankhulira anasanduka munthu wofunika.

Sukulu ya "uejenti" imene FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, imafuna palibe, ndipo digiri safunsa. Amafuna laisensi. Mu 2015 FIFA inachotsa mayeso a maejenti, aliyense n'kumalowa mmene wafunira, koma mu 2023 inawabwezeretsa. Mafunso ndi 20 osankha yankho, nthawi ndi mphindi 60, ndipo kuti ukhoze uyenera kupeza 15. Amalola kuyang'ana m'mabuku a malamulo a FIFA, zimene zimapusitsa anthu kuti n'zophweka, koma pa mayeso oyamba mu Epulo 2023 pafupifupi theka la olemba analephera. Mphindi zitatu pa funso sizikwanira munthu amene akuyamba kumene kufufuza tsamba. Akakhoza amalipira ndalama ya laisensi chaka ndi chaka, ndipo amapitiriza maphunziro afupiafupi a pa intaneti. Wogwira ntchito m'timu kapena m'bungwe loyendetsa mpira saloledwa kutenga laisensiyi, chimodzimodzinso wokhala ndi gawo m'kampani ya kubetcha.

Tsono funso lanu lenileni, lakuti n'kudyerapo. Ndalama zilimo: mu 2023 matimu analipira maejenti madola pafupifupi 888 miliyoni pa osewera osamuka dziko kupita dziko lina. Koma zochuluka zimathera m'manja mwa anthu ochepa a m'maligi akuluakulu a ku Europe. Ejenti salandira malipiro a pamwezi, amadya komishoni, ndipo dilu ikalephereka wagwira ntchito yaulere. FIFA inaika malire akuti woimira wosewera azilandira 5 peresenti ya malipiro a wosewerayo ngati sapitirira madola 200,000 pachaka, ndi 3 peresenti pa zopitirira apo. Maejenti anakasuma m'makhoti a ku Europe, ndipo kumapeto kwa 2023 FIFA inaimitsa kaye malirewo. Komabe tiyeni tiwerengere ndi 5 yemweyo. Wosewera wolandira madola 1,000 pamwezi amapatsa ejenti wake madola 600 pachaka, ndalama yofanana ndendende ndi imene laisensi inkagulidwa mu 2023. Maulendo ndi foni sitinawerengere.

Chowawa china n'chakuti pangano la ejenti ndi wosewera silipitirira zaka ziwiri. Umamutola mnyamata asakudziwika, umamuyendera, umamutonthoza akamakhala pa benchi, kenako akayamba kuwala amabwera a kampani yaikulu n'kumutenga. Amene sapirira zoterezi ntchitoyi imamudwalitsa.

Mwanayo akutchula Jorge Mendes, amene kwa zaka zambiri anali ejenti wa Cristiano Ronaldo. Mendes anayesa mpira osapita nawo patali, anatsegula sitolo yobwereketsa mafilimu ndi malo azisangalalo a usiku, ndipo wosewera wake woyamba anali goloboyi Nuno Espírito Santo, amene anamupezera malo ku timu ya Deportivo La Coruña ku Spain. Ejenti wina, Mino Raiola, amene anayendetsa za Paul Pogba kuchoka ku Juventus kubwerera ku Manchester United mu 2016 pa mayuro 105 miliyoni, anakulira m'lesitilanti ya makolo ake ku Haarlem m'dziko la Netherlands, ndipo chida chake chachikulu chinali zilankhulo zambiri zimene ankalankhula. Nkhani zotere anyamata amazikonda chifukwa mulibe sukulu. Koma Raiola atamwalira mu 2022, amene anatenga ntchito yake, kuphatikizapo yoimira wosewera wotchuka Erling Haaland, anali Rafaela Pimenta, mayi wa ku Brazil amene ndi loya ndipo anagwira naye ntchito zaka zambiri pa nkhani za mapepala. Ine ndikanakhala inu, dzina limeneli ndi limene ndikanamutchulira.

Choncho apite ku koleji. Zamalamulo ndiye zoyenera kwambiri, koma zowerengera ndalama kapena zamalonda zimathandizanso, ndipo awonjezerepo chilankhulo china monga Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chisipanishi. Pa tchuthi adzipereke kuthandiza timu yaing'ono pa zolembetsa osewera, aone mmene mapepala amayendera, adziwane ndi makochi. Anthu amenewo ndi amene adzamuimbire foni tsiku lina. Zaka zoyambirira adzafunika ntchito ina yomudyetsa.

Mnyamata iwe, iyi ndi yako. Msampha waukulu kwa oyamba kumene ndi ana. Malamulo a FIFA saloleza wosewera wosakwana zaka 18 kusamukira timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo ake akasamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Ejenti sangayandikire mwana popanda chilolezo cholembedwa cha makolo. Kukhala ndi gawo pa mtengo wodzagulitsira wosewera, ngati kuti ndi katundu wako, FIFA inaletsa mu 2015. Ndipo ukadzamva wina akuti tiuze makolo asonkhe ndalama ya tikiti ndi viza, mwana wawo akayesedwe ku timu ya ku Europe, uchokepo. Ana ambiri a mu Africa asiyidwa m'misewu ya mizinda ya kunja mwa njira imeneyi, makolo atagulitsa zonse anali nazo, timuyo isakudziwa n'komwe za kubwera kwawo.

Mayi, mabuku a malamulo amene mayeso aja amachokeramo ali pa tsamba la FIFA pa intaneti, aulere. Mumuuze atsitse la kusamutsa osewera, awerenge ndime 17 yonena za kuthetsa kontrakiti popanda chifukwa chomveka ndi ndime 19 yonena za ana, kenako adzakufotokozereni m'mawu akeake. Mumupatse sabata imodzi.