Masabata 8 akatha, mwana asiyidwe ndi yani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira mumzinda wa Lilongwe, ndipo mwachidule iwo analemba motere: "Ndili ndi pakati pa miyezi 6, ndipo mwana wanga woyamba wangokwanitsa kumene zaka ziwiri. Abwana andiuza kuti ulendo uno tchuthi cha uchembere ndipita, koma popanda malipiro, chifukwa zaka zitatu sizinakwane chitengereni tchuthi choyamba. Amuna anga akuti kuntchito kwawo za tchuthi cha abambo sazidziwa. Mayi anga, amene anandilerera woyamba uja, tsopano akudwaladwala ndipo iwonso akufuna wowasamalira. Kodi abwana anga akundibera? Ndipo ngati malipiro anga azithera kwa wolera mwana, si bwino ndingosiya ntchito?"

Mayi, ndiyambe ndi chimene simungakonde kumva. Pa nkhani ya zaka zitatuyo abwana anu sakunama. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, m'gawo 47 limapatsa mayi wapantchito ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse, koma ufulu umenewu ndi wa kamodzi m'zaka zitatu zilizonse. Mukadzachira, mwana woyambayo adzakhala ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu, choncho lamulo silikuwakakamiza kukulipirani. Komabe musafulumire kuvomera, chifukwa chimene lamulo limaika ndi chochepetsetsa chimene wolemba ntchito ayenera kupereka, ndipo makampani ena analemba zoposa pamenepo m'kalata yolembera munthu ntchito kapena m'buku la malamulo a pakampani. Pezani mapepala amenewa muwawerenge modekha. Ngati muli mawu olonjeza tchuthi cholipidwa popanda kutchula zaka zitatu, mawuwo amawamanga abwana anu.

Pali zina zimene lamulo lomwelo likukusungirani. Muli ndi masiku a tchuthi cha pachaka, 15 ngati mumagwira masiku asanu pa sabata kapena 18 ngati mumagwira masiku 6, ndipo mungapemphe kuti masiku amenewa alumikizidwe ndi nthawi yochira kuti mwezi woyamba usapite wopanda kanthu m'thumba. Pakabuka vuto la thanzi lochokera ku pakati kapena pobereka, monga kuchitidwa opaleshoni, kalata ya dokotala imatsegula mwayi wa tchuthi choonjezera. Koposa zonse, kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi woyembekezera ndi mlandu, ndipo ndi wolemba ntchito amene ayenera kuonetsa umboni woti chifukwa chake chinali china. Zikafika poipa, poyambira ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene ambiri timangoti ku leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona za maubale a pantchito. Chilichonse chimene mungagwirizane ndi abwana chilembedwe papepala ndi kusainidwa, chifukwa pangano la pakamwa limaiwalika msanga mwezi ukatha.

Kunena za amuna anu, kusadziwa kwa akuntchito kwawo sikufafaniza lamulo. M'chaka cha 2021 nyumba ya malamulo inakonzanso lamulo la za ntchitoli ndipo inaikamo tchuthi cha abambo cha masabata osachepera awiri, cholipidwa mokwanira, kamodzi m'zaka zitatu. Popeza iwo sanatengepo, ulendo uno ndi wawo. Kusintha komweko kunapatsa mayi woyamwitsa mpata wa theka la ola kawiri pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 6 mwana atabadwa, kuti akayamwitse. Abambo ambiri amaopa kupempha tchuthichi poganiza kuti anzawo awaseka kapena abwana awaona ngati aulesi, koma munthu amene anaonapo mayi wochira kumene akuyesa kuwerama kuti achape matewera, mwana wina akumukoka chitenje, sangaseke.

Tsopano ndinene maganizo anga, chifukwa funso lanu loti kodi akukuberani lili ndi yankho lina lozama. Pali chimene mukulandidwa ndithu, koma wokulandaniyo si munthu mmodzi. Kusikelo anamwino amatiphunzitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, mwana osampatsa ngakhale madzi, ndipo uphungu umenewu ndi wa unduna wa zaumoyo komanso bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Boma lomwelo, kudzera m'lamulo la za ntchito, limabwezera mayi kuntchito mwana ali ndi miyezi iwiri yokha, mwinanso asanaikwanitse ngati mayiyo anayamba tchuthi asanachire. Miyezi inayi yotsalayo lamulo laisiya m'manja mwa theka la ola lija. Koma mayi wokhala ku Area 25 amene amagwira ntchito ku Old Town, theka la ola lingamufikitse pati? Limatha asanakwere n'komwe minibasi. Ndinagwirapo ntchito ndi mayi wina amene nthawi ya nkhomaliro ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo mafayilo, atatsamira chitseko ndi msana chifukwa chinalibe loko, n'kumafinyira mkaka m'kapu ya pulasitiki. Pamalopo panalibe firiji, ndiye mkakawo ankakauthira m'sinki kuti mabere angopepuka, bulauzi isanyowe pamaso pa makasitomala. Mwana wake anayamba phala ali ndi miyezi itatu, ndipo kusikelo anamukalipira ngati wosamva.

Gwero la vutoli, mmene ndikuonera ine, ndi funso la amene amalipira. Kuno kwathu malipiro onse a tchuthi cha uchembere amachokera m'thumba la wolemba ntchito yekha. Kwa banki kapena kampani ya mafoni zimenezi si kanthu, koma taganizirani abwana anu, amene mwina ali ndi antchito 6 kapena 7: tchuthi chikakhala cholipidwa, kwa miyezi iwiri ayenera kulipira inu muli kunyumba, n'kulipiranso wogwirizira mpando wanu. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikungofotokoza masamu amene amachitika m'mutu mwawo. Zotsatira za masamu amenewa timaziona pa mayeso olowera ntchito, pamene mtsikana wa zaka 26 amafunsidwa ngati ali pabanja ndiponso ngati akuganiza zokhala ndi mwana posachedwa, funso limene mnyamata wa msinkhu womwewo safunsidwa. Malire a zaka zitatu aja nawonso anabadwira pomwepa: ndi njira yochepetsera katundu wa wolemba ntchito, ndipo katunduyo akatsitsidwa pamutu pa abwana amagwera pamutu pa mayi ndi khanda.

Bungwe la zantchito padziko lonse la ILO linaona msampha umenewu kalekale. Pangano lake nambala 183 la m'chaka cha 2000 limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, ndalama zimene mayi akulandira zisachepere magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndipo ndalamazo zizichokera ku thumba la inshulansi limene onse amasonkhamo kapena ku boma, osati kwa wolemba ntchito mmodzi payekha. Abale athu amene ali pantchito yolembedwa ku Johannesburg kapena ku Cape Town amalidziwa thumba lotere, la UIF, limene wantchito amaponyamo 1 peresenti ya malipiro ake ndipo wolemba ntchito amaponyamonso 1 peresenti. Mayi wa ku South Africa angathe kutenga miyezi inayi ya tchuthi, ndipo gawo la malipiro ake amalitenga ku thumbalo. Ndalamazo sizikwana malipiro onse ndipo madandaulo a kuchedwa kwake ndi ambiri, koma mfundo yake ndi yolondola: wosonkha ndi aliyense, mwamuna ndi mkazi, wobereka ndi wosabereka, kotero kuti mwini sitolo alibenso chifukwa choopera kulemba ntchito mkazi. Ife amene timadziwa chipereganyu ndi banki m'khonde sitifunika kuphunzitsidwa nzeru imeneyi. Ngakhale njira yotolerera ndalama ilipo kale, pakuti mwezi ndi mwezi olemba ntchito amapereka 10 peresenti ku thumba la penshoni wantchito n'kuonjezerapo 5 peresenti, ndipo amaperekanso msonkho wa TEVET, wothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Chosowa ndi chifuniro choti kubereka ndi kulera kuonedwe ngati ntchito ya dziko, monga momwe timaonera ukalamba ndi maphunziro a ntchito zamanja.

Nkhani ya mayi anu odwala ndiyo yandikhudza kwambiri, chifukwa apa lamulo lathu lili chete. Tchuthi cha matenda chimene limapereka, masabata anayi a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro kwa amene wagwira ntchito chaka chathunthu, ndi cha matenda a wantchito mwini wakeyo. Chonsecho zipatala zathu zimayenda ndi magadiyani. Wodwala akagonekedwa, pafunika wachibale womusambitsa, womutembenuza, womuphikira phala kumalo ogona magadiyani ndi womuthamangira kukagula mankhwala amene m'chipatala mulibe. Mchemwali wanga anakhala milungu itatu akugona pa chitenje pansi pa bedi la bambo athu, m'mawa uliwonse akuimba foni kuntchito kupepesa, mpaka tsiku lina anauzidwa kuti asankhe pakati pa chipatala ndi ntchito. Anasankha bambo ake, monga aliyense akanachitira. Anansi athu a ku Zambia, m'lamulo lawo la za ntchito la m'chaka cha 2019, anakweza tchuthi cha uchembere kufika masabata 14 ndipo anaikamo masiku 7 olipidwa pa chaka osamalira mkazi, mwamuna, mwana kapena wachibale wodalira wantchitoyo akadwala. Masiku 7 ndi ochepa, koma amavomereza poyera kuti wantchito ali ndi banja. Kwa inu pakali pano, chithandizo chilipo n'kukhala pansi ndi abale anu, alongo anu aamuna asasiyidwe kunja, n'kugawana masiku ndi ndalama mimba isanafike potopetsa, chifukwa pa mwambo wathu katundu wotere amangodzigwera yekha pa mwana wamkazi popanda wina kunena.

Za wolera mwana, njira zimene zilipo zonse zili ndi minga. Yotchipa ndi imene mabanja ambiri a m'tauni amatsata, yokatenga kamtsikana kumudzi pa lonjezo loti kadzapitiriza sukulu, lonjezo limene kawirikawiri limafera pa teremu yoyamba. Imeneyi ndikukupemphani muikane, chifukwa mtengo umene inu mwapulumuka amaulipira ndi mwana wa eni ake. Wantchito wapakhomo wamkulu ayenera kulandira malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, ndipo nayenso ndi mayi amene mwina wasiya ana ake kwa Chinsapo kapena ku Mtandire m'manja mwa mwana mnzawo kuti adzalere wanu. Sukulu za mmera mpoyamba za m'madera, zimene amaziyendetsa ndi alezi ongodzipereka, zimagwira ntchito yotamandika, koma zambiri zimalandira ana a zaka zitatu kufika zisanu ndipo zimaweruka dzuwa lisanafike pamutu, pamene sukulu za mkaka zolipira zimene zimasunga khanda tsiku lonse mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Choncho kuyambira miyezi iwiri kufika zaka zitatu pali chigwa chimene banja lililonse limawoloka palokha. Ndipo tisaiwale kuti inu ndi ine tikukambirana za anthu olembedwa ntchito, pamene amayi ambiri m'dziko muno, ogulitsa tomato ku Lizulu, oswa miyala m'mbali mwa msewu, olima ganyu, tchuthi chawo ndi masiku amene thupi lakana kudzuka, kenako mwana kumsana.

Kodi musiye ntchito? Mwini chisankho ndinu ndi amuna anu, koma poti mwandifunsa, ine ndikuti musasiye pakali pano. Mukamawerengera, musayerekeze malipiro a wolera mwana ndi malipiro anu okha, ngati kuti mwanayo ndi wanu nokha. Ayerekezeni ndi ndalama zonse zolowa m'nyumbamo. Muwerengerenso 10 peresenti ya penshoni imene imaima tsiku limene mwasiya, ndiponso kuvuta kopezanso ntchito ya muofesi mutakhala pakhomo zaka zitatu. Nthawi yodula kwambiri ndi yochepa, pakuti chaka chamawa woyamba uja adzakhala wa msinkhu wa sukulu ya mmera mpoyamba. Ndaonapo mabanja awiri oyandikana nyumba akulemba mlezi mmodzi wamkulu n'kumamulipira bwino mogawana, ndipo zinawayendera. Kwa abwana anu pitani ndi pempho lolembedwa lokhala ndi zinthu zitatu zimene angathe kuvomera popanda kuluza zambiri: masiku a tchuthi cha pachaka alumikizidwe ndi nthawi yochira, mwezi woyamba mutabwerera muzigwira theka la tsiku kapena ntchito ina ya mabuku muziichitira kunyumba, ndipo matheka awiri a ola oyamwitsira aja aphatikizidwe kuti muziweruka ola limodzi msanga. Amuna anu nawonso alembe kalata yawo mwezi uno, atchulemo kusintha kwa lamulo kwa m'chaka cha 2021, ndipo asunge kope lake lodindidwa kuti lalandiridwa.