Kwa asuweni, pa nkhani ya njinga ija

Eee, asuweni, mwaswera bwanji ku Blantyre? Uthenga wanu ndinauwona m'mawa, koma ndinati ayi, izi si zolemba ndi zala, ndingoyankhula. Enanu a pagulu pano mumve nawo. Azakhali, ndikudziwa mumvetsera mpaka kumapeto, moni wanu.

Ndiye mwafunsa kuti kalabu yathu ya njinga kuntchito tinaiyamba bwanji, komanso kuti njinga yabwino kugula ndi iti. Hmm. Inuyo asuweni? Amene munkadikira minibasi pa Chichiri kuti mukatsikire pa Ginnery Corner? Lero mukufunsa za kapalasa? Chabwino, ndiyankha.

Za njinga sizovuta. Musagule Buffalo. Iyayi, ndisaiipitse, Buffalo ndi njinga yolimba zedi, kaliyala yake imasenza makilogalamu 100, kumudzi ndiye mwini wake. Koma ndi yolemera, ndipo inu mumakhala ku Chilomoni. Ife kuno ku Lilongwe malo ndi a see, inu kwanuko n'zitunda zokhazokha. Pezani ya magiya, ngakhale yakale, bola mabuleki akugwira ndipo felemu sinawotcheredwepo. Basi. Zatha za njinga.

Koma mwandikumbutsa amalume a ku Mponela, bambo anu aang'ono. Mzimu wawo uuse mumtendere. Humber yakuda ija mukuikumbukira? Anagula ndi ndalama za fodya, chaka chimene anagulitsa bwino ku okushoni ku Kanengo. Njinga imene inkagona pabalaza, itafunda chitenje, pamene ife alendo tikugona kukhitchini. Loweruka lililonse ankaitulutsa pakhonde, kuitembenuza miyendo m'mwamba, kudontheza oyilo pa tcheni, kupukuta masipoko limodzilimodzi ngati akusambitsa khanda. Ndipo wina wake, sinditchula dzina koma akumvetsera, anaiba njinga imeneyo tsiku la chinkhoswe chija n'kukagwera nayo m'ngalande kuseri kwa tchalitchi. Masipoko anayi. Anayi kapena asanu? Azakhali atiuza. Mpaka lero mlanduwo unagwera mnyamata wa mbuzi uja.

Koma chimene ndikufuna kunena si chimenecho. Njala ya 2001... iyayi, ya 2002, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ija, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Inu munali ku sekondale, simunaone zonse. Ine ndinali pakhomo pawo. Amalume ankadzuka tambala woyamba kupita kukasuma kumapiri a ku Ntchisi. Ndipo tamverani, sankapita okha. Anali anthu anayi, aliyense ndi njinga yake. Ankakumana pamtengo wa mkuyu paja, wina akachedwa ena onse ankadikira. Ine ndinawafunsa tsiku lina, ndinati amalume, bwanji osangonyamuka, dzuwa likukutulukirani pano? Anandiyang'ana, n'kupitiriza kumanga chingwe pa kaliyala, osandiyankha. Ndinadzamvetsa madzulo ake. Anabwera usiku, atatu akukankha njinga zawo wapansi chifukwa wachinayi tayala linamuphwera ndipo mapachi anali atatha. Thumba lake anagawana, wina pang'ono, wina pang'ono. Nthawi imeneyo munthu woyenda yekha ndi chimanga usiku ankalandidwa panjira. Iwo anafika onse, chimanga chonse. Nsima imene tinadya usiku umenewo, eee... pepani, dikirani kaye.

Ndabwera. Komanso njinga yomweyo ndi imene inanyamula agogo ulendo womaliza uja, atakhala pa kaliyala, amayi akuwagwirizira kumbuyo. Mukudziwa nonse. Ndipo amalumewo atawapatsa ukapitawo, anthu ankawauza kuti akulu, panopa mwakwera, muzikwera matola ngati anzanu. Iwo ankangoseka, n'kumanga buluku ndi kalabala ka chubu kuti lisakodwe mu tcheni, ulendo. Palibe anawachepetsapo. Pamaliro awo anthu anabwera ndi njinga zodzadza bwalo lonse la sukulu, inuyo munaona ndi maso anu.

Aa, ndapita kutali. Kalabu. Ife tinayamba kumapeto kwa 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala muja, mitengo ya minibasi yakwera, mafuta nawo mizere yake mukuidziwa, munthu kugona pa filing'i siteshoni. Tinali atatu a ku Area 25 ndi mmodzi wa ku Area 49. Sitinalembe malamulo, sitinasankhe tcheyamani. Tinangoti Lachisanu lokha, tikumane 6 koloko. Lachisanu lokha kaye, chifukwa ukauza munthu kuti tsiku lililonse, amathawa usanamalize.

Kwa mabwana sitinapemphe ndalama. Tinapempha zinthu ziwiri: malo a denga pafupi ndi alonda pomangirira njinga, ndi kachipinda kosinthira kokhala ndi mpopi. Chifukwa munthu saopa kupalasa, amaopa kubedwa njinga ndi kulowa mu ofesi akununkha thukuta. Malaya a sabata yonse timapititsa Lolemba. Tinasonkha n'kugula pampu, mapachi, solushoni ndi sipanala, zimakhala m'kabokosi kwa alonda. Amene analibe njinga tinawachitira chipereganyu, mwezi uno uyu, mwezi wamawa uyo. Amayi awiri analowa titasiya kuthamanga. Zoona, poyamba anyamata ankapikisana, ndiye tinati wapang'onopang'ono ndiye azitsogolera, ena onse pambuyo pake. Pamenepo ndi pamene gulu linakula. Nyengo ya mvula sitikakamiza munthu. Ndipo helemeti, nyali ndi chovala chonyezimira, izi ndiye sitinyengerera, chifukwa 6 koloko madzulo kwada kale, ndipo pa M1 nyengo ya fodya malole amachita kutsatana. Kwanuko mu Chipembere Highway muzisamala minibasi, imaima paliponse yaona munthu, ndiye a kabaza a njinga zamoto nawo amangotulukira kumanzere kwako.

Koma asuweni, tiyeni tinene zoona, ndife tokhatokha pano. Inu simukufunsa za magiya. Galimoto ija yakhala pa mawe kuyambira Isitala, alamu anandiuza, musawakalipire. Chimene mukufunsa n'chakuti anthu aziti chiyani. Kuti bwana uja amabwera pa galimoto, lero akupalasa ngati wa kabaza, zamuthina. Ndi chimenecho, eti? Musachite manyazi, n'chifukwa chake ndayankhula m'malo molemba. Mantha amenewo aliyense wa m'gulu lathu anali nawo. Kwathu kuno njinga timaiona ngati ya munthu amene zinthu sizinamuyendere, ndipo zimandipweteka, chifukwa ife tonse pagulu pano tinaleredwa ndi njinga. Fizi yanu ya Fomu 1 inachoka pa kaliyala ya Humber ija.

Ndiye yankho langa ndi ili: musayambe nokha. Mukalowa pageti nokha ndi njinga, anthu anena kuti zavuta. Mukalowa atatu, mutavala zonyezimira zofanana, anena kuti pali pulogalamu, ndipo mawa lake wina abwera mwakachetechete kudzafunsa kuti njinga munagula kuti. Ife zinatichitikira choncho. Amene ankaseka kwambiri sabata yoyamba ndi amene amasunga kiyi wa kabokosi ka pampu panopa.

Komanso muyambe mwayesa njirayo Lamlungu masana, msewu uli phee, muone pamene pali zitunda, pamene mungadutse kuseri osalowa mumsewu waukulu, ndi nthawi imene ikutengerani. Miyendo ipweteka masabata awiri, kenako isiya. Koma zimenezo n'zing'onozing'ono. Chachikulu, ndibwerezenso, pezani anthu awiri kaye. Njinga mugule pambuyo. Mu ofesi mwanumo alipo ena amene galimoto zawo zili pa mawe ngati yanu, akungosowa woyamba kunena. Yambani ndi mesenjala ndi alonda, iwo akhala akupalasa zaka zonsezi, njira zachidule amazidziwa, ndipo amadziwa fundi wabwino amene sangakubereni. Muwafunse mwaulemu, muwaike patsogolo.

Mwandimva, asuweni? Anthu awiri, tsiku limodzi pa sabata, malo amodzi okumanirana, ndipo wina akachedwa muzimudikira ngati pamkuyu paja. Osapita nokha.

Mwezi wamawa ndikubwera ku Blantyre pa nkhani ya chiliza ija. Helemeti ndili nayo yapadera, ndikubweretserani, mundiuze ngati mutu uja unakulabe. Musagule kanthu ndisanafike, tikaonere limodzi ku Limbe. Azakhali, tatiuzani, masipoko aja anali angati?