Alamu, za tsiku loyamba kunyanja kuno

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona pagulupu paja, loti mukubwera kuno ku Mangochi Lachisanu ndi achimwene ndi ana atatu, mwasungitsa malo pahotela ya m'mbali mwa nyanja ili ndi maiwe osambiramo ndi zotsetsereka za ana ija, ndiye tsiku loyambalo muliyendetse bwanji. Kulemba kwandichulukira, ndangoti ndijambule mawu. Achimwene amvere nawo, chifukwa za galimotozi n'zawo.

Nkhani yaikulu ndi nthawi yonyamukira. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde kudzafika pa boma pano ndi makilomita pafupifupi 190, koma mukaphatikiza marodibuloko ndi kuima kuti mwana ataye madzi, werengerani maola anayi. Mahotela ambiri chipinda amapereka 2 koloko masana, poti alendo adzulo amatuluka cha m'ma 10 ndipo pamafunika nthawi yokonza. Mukalawira 5 koloko mudzafika chipinda chisanakonzeke, katundu akupsa m'galimoto, ana aona madzi ayamba kulira. Mukanyamukanso masana, msewu wa Liwonde uja mudzauyenda mumdima, muli akabaza opanda nyali, mbuzi, ngolo. Ayi. Nyamukani 9 koloko, nkhomaliro mudyere panjira, 2 koloko ikupezeni pageti.

Achimwene aone tayala la sipeya ngati lili ndi mpweya, jeke, sipanala, matrayango awiri, laisensi, inshuwalansi ndi COF. Thanki adzadze kumeneko, ndipo akaona filing'i siteshoni ili ndi mafuta ku Liwonde awonjezere, asati tikathira kutsogolo. Mukafika pa boma musawoloke mlatho wa Bakili Muluzi, umenewo ukupita ku Namwera ndi Chiponde. Inu gwirani wa ku Monkey Bay, mbali ya Nkopola ndi makilomita ngati 25 kuchoka pa boma.

Eya, china, ndi Lachisanu. Kuno Asilamu ndi ambiri, masana mashopu ambiri amatseka kaye eni ake apita kumzikiti. Ndiye madzi akumwa, zipatso, mabisiketi, gulirani ku Blantyre konko. Madzi tengani mabotolo a malita 5 atatu kapena anayi, chifukwa kugula timabotolo ting'onoting'ono pabala ya hotela n'kumene kumathera ndalama. Kashi tapani pa ATM ya pa boma. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikagwa wa boti sakumvetsani.

Mukafika pa resepishoni musathamangire kiyi. Funsani kaye kuti mtengo mwalipirawo ukuphatikiza chiyani: ndi kugona ndi kadzutsa basi, kapena chakudya chamasana ndi chamadzulo chilimo? Zotsetsereka, tinjinga ta pamadzi, boti, n'zaulere kwa ogona kapena chilichonse chili ndi mtengo wake? Matiresi owonjezera a mwana amalipiritsa? Zimenezi zikhale pa risiti, osati pakamwa, chifukwa amene wakulandirani Lachisanu si amene adzakulipiritseni potuluka. Ndipo muwauze poyera kuti mwana asapatsidwe kanthu pongotchula nambala ya chipinda. Ana a masiku anowa akangodziwa kuti Fanta ndi chipisi zikubwera ndi nambala yokha, bilu mudzaiwerenga muli chiimire n'kukhala pansi.

M'chipindamo musamasule zikwama musanayese zonse. Yatsani feni kapena eyakoni, tsegulani shawa, gujumulani toileti, tambasulani neti iliyonse muione ngati ili ndi mabowo. Mufunsenso ngati jenereta imayendetsa eyakoni magetsi akazima, poti malo ena imangoyatsa mababu. Kusintha chipinda n'kosavuta masana, usiku amakuuzani kuti zadzaza. Mawindo ndi khomo la pakhonde muzitseka mukamatuluka. Apusi a kunoku saopa munthu, nthochi ndi buledi amatenga patebulo inu mukuyang'ana, ndipo ana asawapatse chakudya m'manja, amaluma.

Tsopano za madzi, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino alamu. Dzuwa la ku Mangochi si la ku Blantyre, makamaka Okutobala ndi Novembala limadutsa madigiri 35, mchenga umawotcha mapazi mpaka matuza, ndiye aliyense akhale ndi mapatapata. Ana adye, amwe madzi, apumule, alowe m'dziwe itadutsa 3 koloko. Tsiku loyamba ola limodzi ndi theka lakwana. Mukawalekerera mpaka kuda, usiku ndi mutu, maso ofiira ndi klorini, mapewa akusupuka, mawa lake palibe amene akufuna kudzuka. Mafuta oteteza kudzuwa aja, a SPF 30 kupita m'mwamba, muwadzoze mphindi 20 asanalowe, n'kubwereza pakatha maola awiri. Zoti khungu lakuda silipsa n'zabodza, limapsa ndithu, kungoti silifiira msanga.

Musanawalole kulowa, yendani nawo kuzungulira dziwelo, muwaonetse kosaya ndi kozama, manambala amalembedwa m'mphepete. Kamzime kaja, poti sikanafike zaka zisanu, kakhale pamene dzanja lanu lingakafikire, osati pamene diso likuona chabe. Mwana akamamira sakuwa, saphiriphitha, amangozimirira mwakachetechete, mphindi imodzi yokha zaipa. Ndiye mugawane: wina akhale mlonda wa ana, foni ili m'chikwama, mowa palibe, pakatha mphindi 20 musinthane. Vuto limabwera pamene inu mukuti achimwene akuona, iwonso akuti inu mukuona. Woyang'anira osambira akhalepo kapena ayi, ana ndi anu. Tizibaluni tovala m'mikono tija n'toseweretsa, timaphwa, timavuka mwana akakweza manja. Chodalirika ndi laifi jaketi ya saizi yake, yomanga lamba wodutsa pakati pa miyendo.

Pa zotsetsereka lamulo n'limodzi: chagada, miyendo kutsogolo, manja pachifuwa, mmodzimmodzi, ndipo wapamwamba adikire wapansi achoke pogwera. Kuvulala kwambiri kumachitika pamene awiri alumikizana ngati sitima kapena wina watsika chamutu, mano amathera pamenepo. Akamuyeza msinkhu n'kumubweza musakangane nawo. Zovala zikhale zosambira zenizeni, jinzi ndi zazipi amakaniza poti zimakanda chotsetserekacho, komanso zikanyowa zimalemera.

Nyanja yeniyeniyo tsiku loyambalo ingoyang'anani, kapena muviike mapazi pamene hotela yaika malire. Pewani pamene pali bango ndi madzi odekha a ndere, m'menemo ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo, ng'ona ndi mvuu zimakondanso momwemo. Kukada, kapena m'bandakucha, munthu asalowe. Aliyense amene asambe m'nyanja, mukabwerera mudikire masabata 6 mpaka 8 kenako mupite kuchipatala mukanene za likodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amapereka poyeza sikelo, ndipo kumwa mawa lake n'kutaya, sapha tizilombo tisanakhwime.

Anyamata a maboti akupezani madzulo omwewo pagombe. Lankhulani nawo, koma ulendo wa ku chilumba cha Boadzulu kokaona nkhwazi zikuwakha nsomba uikeni mawa lake m'mawa, madzi akadali bata. Masana mphepo imadzuka, ndipo ikakhala nyengo ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mafunde ake si a ana. Mtengo mugwirizane wa boti lonse, kupita ndi kubwera, majaketi muwerenge ndi maso anu asanalize injini, ndipo ndalama yonse musapereke madzulo omwewo. Ku Cape Maclear musaganizeko n'komwe tsiku loyamba, kumafuna tsiku lakelake.

Chakudya chamadzulo itanitsani 6 koloko isanakwane. Chambo chowotcha chimatenga nthawi, ndipo Lachisanu kukhichini kumakhala mzere, mukaitanitsa 8 koloko ana agona pampando ndi njala. Ang'onoang'onowo apatseni chambo chochotsa minga kapena kampango, minga yake ndi yochepa. Mukafuna kutuluka kupita kumsika kapena m'mudzi, alamu mangani chitenje pamwamba, zosambira zithere m'kati mwa mpanda.

Dzuwa likangolowa udzudzu wayamba. Ana asambe madzi a pampopi ndi sopo kuchotsa klorini, avale zamanja aatali, popita kokadya mupopere Doom m'chipinda n'kutseka, pobwera mutsegule pang'ono fungo lituluke. Neti muipisire pansi pa matiresi mbali zonse. M'kachikwama ka mankhwala mukhale Panado wa ana, mapulasitala, ndi Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Malungo a udzudzu wa kuno saoneka tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kupitirira, ndiye mwana akadzatentha thupi mutabwerera ku Blantyre musadzati ndi kutopa kwa ulendo, mukamuyezetse ndipo mukanene kuti munali kunyanja.

Zosambira zonyowa muyanike m'bafa, osati pakhonde, apusi aja. Mukangowoloka Shire pa Liwonde mundiimbire, ndikuuzeni ngati pa boma pali mafuta.